Nyama Imene Anambewe Sanalawe

Mwezi watha tinakaika chiliza pamanda a amayi anga aakulu, Anambewe, kumudzi kwathu kufupi ndi Santhe. Papita chaka chitisiyireni. Abusa analankhula zabwino zokhazokha, kuti malemu anali mayi wofatsa ndi wodziletsa, ndipo amayi a chigwirizano amene anakhala kumbuyo kwanga anayamba kutsinana. Kufatsa kwa Anambewe palibe amene anakuonapo. Koma kudziletsa ndinakuona ndi maso angawa, kamodzi kokha, ndipo ndikakumbukira tsiku lakelo manyazi amandigwira mpaka lero.

Anali akulu awo a mayi anga. Amuna awo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, Esinati, akadali kumsana, ndipo Anambewe sanafunenso banja lina. Anakwatiwa ndi fodya. Nazale ankathirira okha kudambo, chigafa ankafolera okha, ndipo nthawi yosankha masamba ukawapeza atakhala tambalale, nsalu atamanga m'chiuno, sukanayerekeza kuwalankhula. Enafe, ana a ang'ono awo, tinakulira pakhomo pawo, tikusoka fodya mpaka zala kuda bii. Tikadandaula kuti tatopa, ankatiuza kuti dzanja loopa phula la fodya liopenso mafuta a nyama.

Poti nyama ndiyo inali nkhani yawo, makamaka ya ng'ombe. Kwathu mwamuna wa nkhuli anthu amangomuseka, koma mkazi wa nkhuli amamunena kuseri. Anambewe analibe nazo ntchito. Tsiku la msika ankapalasa njinga kupita ku Santhe, osayamba kugula mchere kapena sopo ayi, koma kulunjika pansi pa mtengo pamene a Saidi, Msilamu wogulitsa nyama, ankapachika ng'ombe yawo. Awiriwa anakangana kwa moyo wonse. Anambewe ankatobwanya mnofu ndi chala, kununkhiza, kenako n'kulengeza pagulu kuti ng'ombeyo inafa ndi ukalamba itatopa ndi ngolo.

“Amama, ngati simugula pitani, mukundithamangitsira anthu,” ankatero a Saidi.

“Ndigula, koma mafupawo mukapatse agalu anu. Dulani apa, pamsanapa. Osati apo, a Saidi, ndikukuonani!”

A Saidi ankadula pamene auzidwapo, akung'ung'udza. Pamaliro a Anambewe anabwera atatseka malonda tsiku la msika, ndipo analira kuposa achibale ena amene sindiwatchula.

Anambewe akatha kugula ya kunyumba, ankapita pachiwaya pamene amakazinga kanyenya, n'kuima pakati pa amuna oyendetsa ngolo ndi a kabaza, akudya ndi tsabola, mafuta akutsikira m'chigongono. Ine ndi Esinati tikawaona tinkalowa m'sitolo ya nsalu kubisala. Anzathu akusukulu ankawatcha Anankhuli, ndipo Esinati analirapo nazo kangapo. Tsiku lina anawapempha kuti azingokulunga nyamayo n'kukadyera kunyumba ngati amayi ena. Anambewe anamuyankha kuti fodya analima poyera, dzuwa likuwaotcha anthu onse akuona, ndiye sakuona chifukwa chodyera thukuta lawo mobisa ngati aba.

Ndi amayi a kumpingo anayambana pa nkhani yomweyi. Pamaliro ena anaona kuti mbale za mnofu zonse zikupita kumene kwakhala amuna, pamene amayi amene anachezera kuphika akupatsidwa matumbo ndi msuzi. Anangolanda chipande, n'kuyamba kugawa okha, kuyambira kwa amayi. Nkhaniyo inakafika mpaka kwa akulu a mpingo. Anambewe anapita kukayankha, anavomera kuti analankhula mwaukali pamalo a chisoni, koma za chipandezo sanapepese.

Zaka zawo zomaliza, munthu akayamikira nyama pamaso pawo, ankapukusa mutu n'kunena kuti imeneyo singafike pa ya ku Lilongwe ija. Ankaifotokoza bwino lomwe: kukhuthala kwake ngati chikhatho, mizere ya moto pamwamba pake, mafuta oyera oyenda m'kati mwa mnofu, ndi mmene mpeni unkalowera popanda kulimbana. Ankati ng'ombe imeneyo sinaonepo goli chibadwire. Alendo ankamvetsera akumeza malovu, n'kumafunsa kuti inkakoma bwanji. Apo Anambewe ankasintha nkhani, ndipo ife amene tinaliko tinkayang'ana pansi.

Kuti mumvetse, ndiyambe ndi mwamuna wa Esinati, alamu anga a Kondwani. Anakulira m'tauni, mayi awo anamwalira iwo ali aang'ono, ndipo za kumudzi ankangozimva. Munthu wabwino, wosamwa, wa ntchito yake ya mu ofesi. Koma atakwatira anamutenga Esinati kupita naye ku Lilongwe asanapemphe chitengwa mwa dongosolo, ndipo Anambewe anakalipa mudzi wonse kumva. Mawuwo anawafika a Kondwani atathiridwa kale mchere ndi anthu a m'njira. Ukali wa Anambewe unkatha msanga ngati moto wa mapesi, ndipo pasanapite nthawi anali akuwauza anthu kuti mwana wawo anapeza mwamuna waulemu. Koma zimenezi palibe amene anakawauza a Kondwani. Iwo anatsala ndi mawu oyamba aja, kuti apongozi awo sakuwafuna.

Ndipo Anambewe sakanatha kuwauza okha. Mayi amene ankaima pachiwaya ndi amuna uja, pa nkhani ya chipongozi anali wakale kuposa agogo athu. Mkamwini sankamuyang'ana m'maso, sankakhala naye pamphasa imodzi, ndipo kudya iye akuona kunali ngati kuvula pamaso pake. M'banja mwathu mwambowu umatha ndithu, koma uli ndi njira yake: mkamwini amabwera ndi nkhuku, nkhoswe imalankhula mawu pang'ono, awiriwo n'kudya m'mbale imodzi, basi kuyambira pamenepo ndi mayi ndi mwana. Nkhoswe ya Esinati anali atsibweni athu a Lufeyo, mlongo wawo wa Anambewe, munthu amene chilichonse ankati achita fodya akatha. Fodya ankatha, wina n'kuyamba, nkhuku ija osaitchula kwa a Kondwani.

Esinati atabereka mwana woyamba, Tadala, tinapita kukamuona atatu: Anambewe, atsibweni ndi ine. M'nyumba ya m'tauni zinthu zinkayenda bwino, chifukwa Anambewe ankadyera kukhitchini ndi mwana wawo, amuna akudya pabalaza. A Kondwani anali atamva kwa mkazi wawo za nkhuli ya apongozi, ndipo anaganiza zowachitira chinthu chachikulu choti chithetse udani umene iwo ankaganiza kuti ulipo. Lamlungu titaweruka kutchalitchi analengeza kuti tonse tikadya kumalo ena odziwika ndi nyama ya ng'ombe, kumene kumadya mabwana ndi azungu.

Ine ndi Esinati mitima inali m'mwamba, koma pa chifukwa cholakwika. Tinkaopa kuti Anambewe akatiyalutsa. Tikuwavalitsa duku tinawapatsa malamulo: osatobwanya nyama ndi chala, osafunsa za msinkhu wa ng'ombe, osapukuta mbale, osakweza mawu. Iwo ankangoseka, maso akuwala ngati mwana amene akupita kumsika koyamba. Zoti kumalo oterowo anthu onse amakhala patebulo limodzi sitinaziganizire n'komwe, ndipo iwo sakanazidziwa.

Fungo linatilandira tisanatsike m'galimoto. M'katimo munali mozizira, matebulo ovala nsalu zoyera, nyimbo zolira chapansipansi, ndipo kuseri kwa galasi kunkaoneka mnyamata wa chipewa choyera akutembenuza minofu pamakala. Anambewe anaima pagalasipo osaphethira. Kenako woperekera zakudya anatilondolera patebulo lathu, ndipo a Kondwani, mwaulemu wa m'tauni, anakoka mpando n'kuwakhazika apongozi awo pamalo abwino, iwo n'kukhala moyang'anizana nawo, maso ndi maso.

Ndinaona nkhope ya Anambewe ikusintha. Anakokera duku kutsogolo, n'kutembenuka chammbali, maondo kuloza kukhoma. A Kondwani anawaitanitsira nyama yopambana zonse za pamenepo, n'kutsindika kuti ipse bwino chifukwa ndi ya amayi. Itafika inali pathabwa, ikulirabe ndi moto, mafuta akuthetheka m'mbali. Anambewe anameza malovu, ndinawamva ndili pambali pawo. Anaweramira kwa Esinati n'kunong'ona.

“Kodi kuno kulibe kuseri? Ndingotenga mbale yangayi ndikakhale uko akuphikira.”

“Amayi, kuno sachita zimenezo. Tangodyani, anthu akutiona.”

“Ndidye bwanji bambo ali apa?”

Esinati anatola mpeni n'kuyamba kudula nyama yake. Ine ndinamva zonse, ndipo atsibweni, amene anali kumbali inayo, anamvanso. Tonse atatu tinadziwa chimene chavuta. Atsibweni ndiwo anali ndi mphamvu yonse patebulo lija. Akanangoika mpeni pansi n'kunena mawu awiri, kuti nkhuku ibwera pambuyo koma lero mayi ndi mwana adye, mlongo wawo akanamvera, poti nkhoswe yalankhula. Koma atsibweni anali atalawa kale chidutswa choyamba, ndipo maso awo anali atatsinzina.

A Kondwani anadikira apongozi kuti ayambe. Nyama yawo inazizira akudikira. Kenako anafunsa mkazi wawo ngati amayi sanaikonde, kuti aitanitse ina.

“Ndi mano,” anatero Esinati msangamsanga. “Mano akuwavuta masiku ano.”

Anambewe, amene ankaphwanya fupa la nthiti ngati nzimbe! Bodzalo linali loonekeratu, ndipo a Kondwani si munthu wopusa: dzulo lake lomwe anawamva akukukuta chimanga chokazinga kukhitchini. Anangoti “chabwino”, n'kuyamba kudula nyama yawo pang'onopang'ono, nkhope itagwa. Esinati anasankha kuti mwamuna wake amve bodza kusiyana n'kuti adziwe, pakati pa anthu ovala masuti, kuti mayi ake ndi wachimidzi chotere. Ine ndinatafuna nyama yanga osamva kukoma kwake.

Anambewe anakhala choncho mpaka tonse tinamaliza, manja ali pamiyendo, akuyang'ana khoma. Ngakhale madzi sanamwe. Woperekera zakudya atabwera anafunsa ngati angawakulungire kuti akadye kunyumba, ndipo ndinaona mapewa awo akudzuka pang'ono. Koma atsibweni anali atatambasula kale dzanja.

“Musavutike achimwene, chakudya chotere sichiyenda m'pepala. Bweretsani kuno, tithandize odwala.”

Anakoka thabwa lija n'kuidya yonse, mlongo wawo ali pomwepo. Anapukutanso ndi msuzi womwe.

M'basi pobwerera ku Kasungu ndinkayembekeza kuti kugwa mvula ya mawu, kuti atsibweni aona zakuda. Koma Anambewe anali osangalala. Anandiuza kuti Esinati anakwatiwa ndi munthu, chifukwa mkamwini amene amaganizira apongozi ake chotere sapezekapezeka. Anali otsimikiza kuti a Kondwani aona ulemu umene wapatsidwa: mayi wa nkhuli yodziwika dera lonse kusiya nyama yotere chifukwa cha iwo. M'maganizo mwawo, tsiku limenelo anapereka mphatso yaikulu kuposa zonse zimene anaperekapo kwa munthu.

A Kondwani anamva zina. Kwa iwo, anayala dzanja ndipo apongozi anawatembenukira msana pagulu. Sanakalipe, sanadandaule kwa aliyense. Anangosiya kubwera kumudzi. Pa Khirisimasi ankatula mkazi ndi ana pamsewu n'kubwerera, ati kuntchito kwachuluka zochita. Feteleza ankatumiza chaka chilichonse, mankhwala ankatumiza, koma phazi lawo pabwalo la Anambewe silinapondenso. Esinati ankati adzawafotokozera zinthu zikadzakhala bwino, koma bodza likakhalitsa limavuta kulichotsa, ndipo kufotokoza kunkatanthauza kuvomera kuti anawanamiza. Ine ndinkadziuza kuti za m'banja la eni salowerera.

Chaka chimene fodya anawayendera bwino, Anambewe anagula thole lamphongo kwa munthu wina wa ku Njombwa. Anthu anaganiza kuti akufuna ng'ombe ya ngolo, koma atalifula anakana kuti aliyense aliike goli. Ankalidyetsa madeya osakaniza ndi mchere, kulimwetera msipu wa kudambo m'chilimwe, ndipo dzuwa likakula ankalimangirira pamthunzi wa chigafa. Ng'ombe zina za m'mudzi zikuoneka nthiti mu Okutobala, iyo inali kunyezimira. A Saidi anabwera kangapo kudzaipempha, ndipo ankabwerera atatukwanidwa. Anambewe anawauza atsibweni poyera kuti ng'ombeyo ndi ya bambo a Tadala: tsiku limene adzabwere ndi nkhuku yawo, iwo adzawayankha ndi ng'ombe, kuti nawonso aone kuti ku Santhe nyama timaidziwa.

“Achimwene, mwawauza?” ankafunsa akakumana.

“Ndiwauza, chemwali. Tingomaliza kudinda mabelowa.”

Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu. Atsibweni nawonso anali ndi manyazi awo: kuti akayambe nkhaniyo kwa a Kondwani, anayenera kuyambira patebulo lija, ndi thabwa limene anakoka.

Anambewe anadwala nthawi yokolola, matenda a masiku ochepa. Ndinali nawo kuchipatala. Sanalankhule za imfa kapena za munda, koma anandifunsa ngati mnyamata wa kwa aneba akuipatsa madzi ng'ombe ija, n'kundiuza kuti ndikamuuze Esinati kuti bambo asachedwe, ng'ombe ikakalamba nyama imalimba. Uthengawo ndinaufikitsa, koma mochedwa. A Kondwani anafika kumudzi ndi bokosi.

Pamaliro a munthu wodziwika chotere anthu anachuluka, ndipo ndiwo zinafunika. Akuluakulu anayang'ana m'khola. Palibe amene anatsutsa. A Saidi ndiwo anaipha, ndipo akusenda ananena kuti chiyambire ntchito yawo sanagwirepo ng'ombe ya mafuta oyenda m'kati mwa mnofu chotere. Amayi a chigwirizano anagawa kuyambira kwa amayi anzawo, osauzidwa ndi munthu.

Titabwerako kumanda, a Kondwani anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango pamodzi ndi amuna ena, ndipo ine ndinawapititsira mbale. Analawa, n'kunena mwaulemu kwa atsibweni kuti nyamayi ndi yabwino kwambiri. Atsibweni, amene anali atalira mpaka mawu kusasa, anangoti phulu.

“Idyani bambo, idyani kwambiri. Ng'ombeyi ndi yanu.”

“Yanga bwanji, atsibweni?”

Ndipo pamenepo, pamaso pa anthu, atsibweni ananena zonse zimene anayenera kunena kalekale: za nkhuku, za mbale imodzi, za chifukwa chimene mlongo wawo anayang'anira khoma tsiku lija, za madeya ndi mchere. Anavomeranso za thabwa lija. A Kondwani anamvetsera osagwedezeka. Atsibweni atatha, iwo anatembenuka kuyang'ana kumene kunakhala amayi, mpaka maso awo anapeza Esinati.

“Mayi a Tadala,” anaitana, osakweza mawu. “Mano aja?”

Esinati anadziphimba kumutu ndi chitenje. Ine ndinali chiimire ndi beseni la madzi osamba m'manja, ndipo ndinalakalaka nthaka itang'ambika. A Kondwani anayang'ana mbale ija nthawi yaitali. Ndinkaganiza kuti aikankhira kutali. Koma anaikokera pafupi n'kudya, chidutswa ndi chidutswa, misozi ikugwera momwemo, mpaka inatha. Amuna amene anali nawo pafupi anayang'ana kumbali.

Pakhomo pa Anambewe tsopano sipakhala munthu. Chigafa chinagwa mbali imodzi ndi mvula ya chaka chino, mikangala yoyanikira fodya ana anatha kusonkhera moto, ndipo munda wa fodya anabwereka aneba n'kudzalamo soya. M'khola mwamera bonongwe wofika m'chiuno, wonenepa ndi ndowe, koma palibe amene amamuthyola. Chitseko n'chokhoma ndi waya. Njinga yawo ili m'kati, matayala ataphwa.

Munthu amene amafikapo kawirikawiri ndi a Kondwani. Mwezi ukatha amabwera okha, n'kusiya galimoto kumsewu, kudzalambula pabwalo ndi kuona ngati denga silikudontha. Anafunsafunsa kwa akuluakulu za mwambo wonse wa chipongozi, ndipo wina anawauza kuti mkamwini waulemu akamafika pakhomo pa apongozi amayamba watsokomola ali patali, kuti mayiwo apeze mpata wopatuka. Tsiku lina ndikuchokera kudambo ndinawaona ataima pampanda, chipewa chili m'manja. Anatsokomola, n'kudikira pang'ono, kenako n'kulowa.